Abusa akapuma ntchito amagona kuti?

 Lero za silabasi ndi za zotsatira za MSCE tiziike kaye pambali. Ndikufuna tikambe za nkhalamba, ndipo maganizo anga ndiwanena poyamba pomwe kuti wofuna kutsutsa akonzekere: munthu aliyense amene wakwanitsa zaka 70 m'Malawi muno azilandira kangachepe kuchokera ku boma mwezi ndi mwezi. Asafunsidwe ngati ali ndi mbuzi. Asadikire kuti komiti ya m'mudzi imukonde. Chiphaso cha unzika chisonyeze zaka, basi.

Maganizo amenewa akula pang'onopang'ono m'macheza anga ndi Abusa ena opuma amene amakhala kuno kwa Kapondo. Dzina lawo sinditchula, mpingo wawonso ayi, chifukwa ndi munthu wosakonda phokoso. Ena mwa inu anakubatizani, ndiye mwawadziwa kale. Zaka zawo zapitirira 80. Maso akuvuta, mawondo ndiye osanena, koma mutu uli gwa. Ine amandiitana kuti "Aphunzitsi" ngakhale ndine msinkhu wa mwana wawo wachinayi, ndipo ndikachedwa kupita amatuma mdzukulu kudzafunsa ngati ndadwala.

Anthu ambiri sitiganizako zoti mbusa alibe kwawo. Abusawa anatumikira zaka zoposa makumi atatu, mipingo isanu ndi umodzi, kusamukasamuka. Amaseka okha kuti anadzala mango m'malo asanu ndi limodzi koma sanadyepo bango la mtengo umene anadzala okha. Nyumba imene ankagona inali ya mpingo. Munda umene Amayi busa ankalima unali wa mpingo. Ngakhale mipando ya pabalaza inali yolembedwa m'kaundula. Tsiku lotsanzikana kunali chikondwerero, makwaya anaimba, anthu anavina popereka mphatso: mbuzi, nkhuku, njinga, malata angapo, mabulangete. M'mawa mwake anapereka makiyi. Kwawo kumene anabadwira, minda anagawana kale ana a alongo awo, monga mwa mwambo wathu. Ndiye anabwera kuno, kwawo kwa Amayi busa, kudzayamba chikamwini ali ndi imvi. Mbuzi zija zinatha m'zaka ziwiri. Kandalama kamene amalandira kuchokera ku mpingo kanali kooneka nthawi imene ankapuma, koma kwacha itagwa mu May 2022 ndi 25 pa 100 iliyonse, n'kugwanso mu November 2023 ndi 44 pa 100, kanasanduka ka sopo ndi mchere.

Inu aphunzitsi anzanga amene mukukhala m'nyumba za sukulu, nkhaniyi mukuimva bwino. Nafenso makiyi tidzapereka.

Chodabwitsa n'chakuti Abusa sadandaula kwambiri za ndalama. Chimene chimawawawa, iwo amati, n'chakuti palibenso amene amawafunsa kanthu. Munthu amene anagwirizanitsa mabanja mazanamazana, amene mafumu ankamuitana pakavuta mlandu wa malire, lero akalankhula pamsonkhano wa banja achinyamata amayang'ana m'mafoni mpaka amalize. Kutchalitchi amawapatsa mpando wakutsogolo ndi pemphero lotsekera. Ulemu ulipo, koma ndi ulemu wonga umene timapereka ku chithunzi chapakhoma. Tonse tinaloweza kusukulu kuti akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto, ndipo ana amakhoza nawo mayeso a Chichewa mwambi umenewu. Moto ukabuka masiku ano timathamangira kwa mneneri wa galimoto yakuda magalasi.

Pa za banja, Abusa salola kuti wina anyoze ana awo, ndipo apa ndinaphunzirapo kanthu. Anabereka ana asanu ndi awiri. Atatu anawaika m'manda okha pakati pa 1996 ndi 2003, nthawi imene Edzi inkasesa midzi, boma lisanayambe kupereka ma ARV aulere mu 2004. Zidzukulu zotsala analera ndi iwo ndi Amayi busa. Ana amoyo, wina ndi mlonda ku Lilongwe, wina ali ku Joni, ena ndi alimi ngati ife tonse. Amatumiza akapeza, pa Airtel Money kapena pa Mukuru. Abusa amati mwana amene akulipira lendi ku Area 25 ndi fizi ya ana atatu, ukamuuza kuti wakuiwala ndiye kuti ukumusenzetsa katundu wa mibadwo iwiri pamutu umodzi. Mwambo woti ana adzasamala makolo unakhazikika nthawi imene mbumba yonse inkakhala pamudzi umodzi, nkhokwe zili pafupi, minda ili yokwana. Lero Mchinji yokha ili ndi anthu oposa 600,000 malinga ndi kalembera wa 2018, malo ambiri abwino ali m'maesiteti, ndipo mnyamata akamaliza Fomu 4 amaona msewu wa ku Mwami kapena wa ku Lilongwe. Edzi inachotsanso msinkhu wapakati uja umene unayenera kunyamula okalamba, mpaka okalambawo ndiwo ananyamula ana. Dziko silinawathokozepo agogo amenewa. Akanakana kulera ana amasiye aja, boma likanamanga nyumba zingati zosungira ana?

Pali ndime ina imene Abusa amakonda kubwerezabwereza, ya pa Marko 7, pamene Yesu akudzudzula atsogoleri achipembedzo amene ankalola munthu kupereka ku kachisi chuma chimene chikanathandiza bambo ndi mayi ake, n'kumati wachita zopatulika. Iwo amati m'zaka zawo zonse za ubusa ndimeyi sanaimvepo ikulalikidwa pa tsiku la masika kapena la pepa sande. Amaseka akanena zimenezi, koma ine sindiona choseketsa. Ndikudziwa anthu amene chakhumi sichiwaphonya, amene amabzala mbewu kwa mneneri mwezi uliwonse, pomwe mayi awo akugona m'nyumba yodontha. Lamulo lolemekeza makolo, limene ife timati lachisanu pomwe anzathu a Katolika amati lachinayi, silinalembedwere ana a Sande sukulu okha. Linalembedwera anthu a ndevu amene makolo awo sangathenso kugwira khasu.

Tikafika pa za chilungamo, nkhani ya 1992 siilephera. Ine ndinali ku pulayimale pamene kalata ya maepiskopi a Katolika inawerengedwa m'matchalitchi pa 8 March chaka chimenecho, ndipo chimene ndikukumbukira ndi akuluakulu akunong'onezana. Abusa anali pa ntchito. Amavomera okha kuti anachita mantha, kuti kalatayo anaiwerenga usiku atatseka zitseko, ndipo Lamulungu lotsatira analalikira za nkhani ina. Chigawo chapakati chino chinali chovuta, a Payoniya ndi a Yufi anali paliponse. Kalata ija inatsegula njira ya Public Affairs Committee, riferendamu ya pa 14 June 1993 ndi chisankho cha 1994. Kuyambira pamenepo mipingo yathu inazolowera kulankhula ndi boma. Makalata a ubusa amatuluka pafupifupi chaka chilichonse, za katangale, za chisankho, za kukwera mitengo kwa zinthu. Nzabwino. Koma Abusa amafunsa funso limene ine landisowetsa mtendere: mpingo umene umatha kudzudzula pulezidenti, bwanji umakhala chete gogo wa m'mlaga mwake akamatchedwa mfiti?

Kuno ku Mchinji tili ndi chifukwa chapadera chokumbukira munthu amene anaona patali pa nkhaniyi. Bishopu Patrick Kalilombe, wobadwira ku Mua mu 1933, anaphunzitsa ndi kutsogolera seminale ya Kachebere, konkuno kumalire, asanakhale episkopi wa Lilongwe mu 1972. Iye ndiye analimbikitsa miphakati, timagulu ta Akhristu oyandikana nyumba, kuti mpingo usamangokhala wa wansembe ndi wa Lamulungu, koma anthu azidziwana, azisenzerana mavuto ndi kudziyendetsa okha. Boma la Kamuzu linaona ngati ndi timagulu ta ndale tobisika, ndipo mu 1976 anakakamizidwa kuchoka m'dziko muno. Anatula pansi udindo mu 1979, anaphunzira ku Berkeley ku America, anaphunzitsa ku Birmingham, ndipo anabwerera kwawo ulamuliro wa chipani chimodzi utatha, n'kukaphunzitsa ku Chancellor College. Anamwalira mu 2012. Buku lake lotchedwa Doing Theology at the Grassroots linatuluka mu 1999. Abusa athuwa si a Katolika, koma amamutchula mwaulemu. Amati boma lija linachita mantha ndi chinthu choyenera kuchiopa, chifukwa anthu khumi amene amadziwana mavuto ndi ovuta kuwanamiza. Miphakati ilipo mpaka lero, milaga ilipo, amayi a Chigwirizano alipo ndi yunifolomu zawo. Magulu amenewa amadziwa bwino lomwe nyumba imene muli nkhalamba yogona ndi njala. Pamaliro amafika mwachangu, ndi ufa ndi nkhuni. Ufa womwewo ukanafika miyezi itatu m'mbuyo, mwina maliro akanachedwerapo.

Za ufiti ndikambepo pang'ono mosabisa, chifukwa ndikudziwa kuti ena mwa inu mukhumudwa. Mu January 2016 ku Neno anthu anapha nkhalamba zinayi za banja limodzi mtsikana wina ataombedwa ndi mphenzi. Mu December 2022 dziko lonse linaona kanema wa ku Mzimba, amayi okalamba akuzunzidwa pamanda. Bungwe la MANEPO, limene limayankhulira okalamba, lakhala likuwerenga imfa zoterezi chaka ndi chaka. Lamulo la za ufiti la 1911 limaletsa kutchula munthu kuti ndi mfiti, koma kumudzi limagwira ntchito pokhapokha magazi atakhetsedwa kale. Sindikufuna kutsutsana nanu ngati ufiti ulipo kapena kulibe, imeneyo ndi ya tsiku lina. Ndikungopempha kuti muone amene amalozedwa chala. Pulezidenti wathu, Peter Mutharika, anapambana chisankho cha September 2025 ali ndi zaka 85. Kamuzu analamulira mpaka 1994 atakalamba zedi. Palibe anawathamangitsa ndi miyala chifukwa cha makwinya. Gogo amene mwana wake ndi mkulu wa polisi satchedwa mfiti. Amatchedwa mfiti ndi wamasiye, wosauka, wopanda womuyankhulira, makamaka ngati ali ndi munda kapena dimba limene wina akulisirira. Abusa amati pa ubusa wawo wonse sanaonepo mfiti yokhala ndi penshoni.

Apa ndiye pamene pakubwera kangachepe ndanena kaja.

Ife a ku Mchinji tisaiwale kuti Mtukula Pakhomo anayambira kuno, mu 2006, mothandizidwa ndi UNICEF. Poyamba banja la munthu mmodzi linkalandira K600 pamwezi, la anthu anayi kapena kuposa K1,800, ndi kowonjezera pang'ono pa mwana aliyense wa pasukulu. Anthu ankati ndalamazo zithera ku kachasu. Ofufuza a ku Boston University ndi a Centre for Social Research ya ku Zomba atayendera mabanjawo anapeza kuti anthu ankadya bwinoko, ana ankapita kusukulu, ndipo ena anagula nkhuku ndi mbuzi. Pofika 2018 ndondomekoyi inali itafika m'maboma onse 28. Ndi chinthu chabwino chimene boma lathu la Mchinji linaphunzitsa dziko.

Vuto lake lili pa kasankhidwe. Ndondomekoyi inapangidwa kuti ifikire pafupifupi mabanja khumi mwa mabanja 100, osaukitsitsa komanso opanda munthu wamphamvu zogwira ntchito. M'mudzi mmene mabanja asanu ndi awiri mwa khumi ndi osauka, kusankha mmodzi ndi kufesa chidani. Abusa athuwa sanalowe m'kaundula chifukwa nyumba yawo ndi ya malata, malata a mphatso aja. Gogo wina pafupi nawo anasiyidwa chifukwa amakhala ndi mdzukulu wa zaka 22, woti ndi wamphamvu, koma mnyamatayo ndi wosaoneka pakhomo. Amene walowa amayang'anidwa ndi diso lofiira, ndipo nthawi zina kulowako n'kumene kumayambitsa manong'onong'o oti anachita mankhwala. Zaka zobadwa zilibe mkangano wotere. Aliyense amadziwa kuti akakhala ndi moyo naye adzafika, ndiye palibe chochitira nsanje.

Si maloto ayi. Botswana inayamba kupereka penshoni kwa okalamba onse mu 1996. Lesotho, kadziko kakang'ono kosauka, inayamba mu 2004 kwa a zaka 70. Zanzibar inayamba mu 2016. Ngakhale kutsidya kuno, ku Katete m'dziko la Zambia, anayesa kupereka ndalama potengera ukalamba kuyambira 2007, ndipo ambiri a ife tili ndi abale kumeneko. Kwathu kuno Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo loteteza okalamba mu 2024, patapita zaka zambiri anthu akulilirira. Ndi chiyambi chabwino. Koma gogo wa kwa Kapondo sadya lamulo. Adzadziwa kuti lilipo tsiku limene foni ya mdzukulu wake idzalira kuti ndalama yalowa.

Mnzanga wina wa masamu mu sitafu rumu amati ndalama zake zichokera kuti, dziko lili pa ngongole mpaka m'khosi. Funso lake ndi loona, sindilipeputsa. Koma anthu a zaka 60 kupita m'tsogolo ndi pafupifupi mmodzi mwa anthu 20 m'dziko muno, ndipo a zaka 70 ndi ochepa kuposa pamenepo. Pa Cashgate ya 2013, ofufuza a Baker Tilly anapeza kuti pafupifupi K24 biliyoni inasowa m'miyezi isanu ndi umodzi yokha. Ndalama zikafuna kubedwa zimapezeka. Komanso tisamanene ngati okalambawa sanasonkhe kanthu. Analima fodya amene anabweretsa ndalama zakunja kwa zaka makumi ambiri, ena ngati matenanti m'maesiteti a konkuno. Anagulitsa mtedza ndi chimanga ku ADMARC pa mitengo yoikiridwa ndi boma. Analipira msonkho wa pamutu, anagula makadi a chipani mokakamizidwa, anaumba njerwa za sukulu zimene ife tikuphunzitsamo. Lamulo la penshoni la 2011 linathandiza olembedwa ntchito, koma mlimi sanalembedwepo ntchito ndi munthu. Mpaka lero gogo akagula zinthu m'sitolo amalipira msonkho ngati wina aliyense.

Mtsutso wina ndi umene Abusa eni ake anandiponyera, poti ndi munthu wokonda kuyesa mnzake. Anati, Aphunzitsi, boma likayamba kudyetsa makolo, ana sadzasamba m'manja? Ndaliganizira funsoli masabata angapo. Yankho langa n'lakuti zimene ndaona kuno ndi zosiyana. Gogo amene ali ndi kandalama kake pakhomo pake sipasowa anthu. Mdzukulu amabwera kudzatunga madzi chifukwa agogo agula shuga. Mpongozi amalankhula bwino. Agogowo amatha kugulira mwana kope, kuponya chopereka m'mbale osachita manyazi, kupereka chipepeso pamaliro ngati munthu pakati pa anthu. Mungati ndi chikondi chogula. Mwina. Koma umphawi ndi umene umawononga chibale msanga kuposa ndalama, chifukwa munthu amayamba kuthawa mayi ake omwe poopa kupemphedwa chimene alibe. Ana a Abusa akanadziwa kuti mchere, sopo ndi mankhwala a BP zilipo kale, foni akanaimba kawirikawiri, osati kudikira mpaka atapeza chotumiza.

Abusa sanavomere kwathunthu. Iwo amaona kuti mpingo ndiwo uyenera kuyamba, boma lidzapeze ntchito ili m'kati. Amafuna kuti mlaga uliwonse ukhale ndi kaundula wa okalamba ake monga ulili ndi kaundula wa chakhumi, ndipo gawo la zokolola za masika lizitsala pamudzi m'malo mokwera lole yonse. Amafunanso kuti mbusa wachinyamata aliyense auzidwe tsiku lodzozedwa lomwelo kuti ayambe kuumba njerwa kwawo. Ine ndimati zonsezo zichitike, koma chifundo cha mpingo chimafika kwa a mpingowo, ndipo nkhalamba ya Chisilamu, ya Gule kapena yosapemphera nayonso ndi nzika. Timasiyana pamenepo, Amayi busa n'kubweretsa chinangwa chophika, nkhani n'kusanduka ya mitengo ya soya.

Kwa inu anzanga a choko, zaka 60 si kutali. Ine zanditsalira zosakwana makumi awiri. Tonse tikudziwa aphunzitsi athu akale amene anayenda maulendo osawerengeka kupita ku Lilongwe kukalondola ndalama zawo zopumira, kugona pa abale, fayilo ikusowa lero n'kupezeka mawa, ena mpaka kumwalira asanaigwire. Amenewo ndi amwayi, poti ali ndi fayilo yoti isowe. Tikamakamba za malipiro athu m'misonkhano ya TUM, nkhani ya okalamba onse tiziyiponyamo, chifukwa ana amene timaphunzitsa ambiri akuchokera m'nyumba za agogo. M'kalasi langa la Fomu 3 ndinafunsa kuti amene akuleredwa ndi agogo akweze mkono, ndipo mikono inali yambiri moti ndinasiya kuwerenga. Mwana wotere akajomba sabata yathunthu nthawi yokolola, musathamangire chibalo. Mufunseni kaye kuti kunyumba amaphika ndani.

Teremu ikubwerayi ndapempha Abusa kuti adzayankhule ndi a Fomu 3 ndi 4 pa phunziro la mbiri, za mmene 1992 ndi 1993 zinalili kuno kumalire, makalata ndi nyuzipepala zikulowa mobisa kuchokera ku Zambia. Avomera, bola wina akawatenge pa njinga yamoto ndipo asawaimitse nthawi yaitali. Afunsanso ngati ana a masiku ano amaloledwa kufunsa mafunso ovuta, ndawauza kuti adzaona okha. Inu ophunzira akale amene muli pafupi, tsiku ndidzakuuzani ahedi akavomereza. Amene muli ndi magalasi owerengera amene simukuwagwiritsa ntchito, a mphamvu kuyambira 2.5 kupita m'mwamba, tumizani kudzera kwa ine. Awo a Abusa mwendo umodzi ndi womanga ndi ulusi, ndipo pamudzi pawo pali anzawo ena anayi amene anasiya kuwerenga kalekale.